Injini Ikamanjenjemera: Tiphunzirire pa Mazda RX-8 Yogula Motchipa

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Yakwananso nthawi yathu yokambirana za galimoto. Lero tikamba za injini yonjenjemera, ija amakaniko amati ikuchita misi, ndipo tatengapo galimoto imodzi yoti tiphunzirirepo, Mazda RX-8.

Ndaisankha dala galimoto imeneyi. Achinyamata amene amakhalira kusuzumira pa foni galimoto zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan amaidziwa bwino: yonyonyomala, mipando inayi, zitseko zakumbuyo zing'onozing'ono zotsekukira cham'mbuyo, koma mtengo wake wotsika moti umadzifunsa ngati wogulitsa sanalakwitse polemba. Kampani ya Mazda inkaipanga ku Hiroshima kuyambira mu 2003 mpaka mu 2012, ndipo injini yake, yotchedwa Renesis, inapata mphoto ya injini yopambana padziko lonse m'chaka choyambacho. Nanga yatchipiranji? Imamwa petulo kwambiri, chimenecho sitingakane. Koma chachikulu n'chakuti anthu amaiopa injiniyi, ndipo mantha amenewo afika mpaka m'magalaja mwathu. Mwini wake akafika nayo ikunjenjemera, boneti isanatsekulidwe n'komwe, amauzidwa kuti, "Bwana, izi zikatero ndiye kuti zatha, tingoikamo injini ina." Mawu amenewa amandipweteka. Pali nthawi zina pamene amakhala oona, koma kawirikawiri cholakwika chimakhala kachipangizo kokwana m'dzanja limodzi, ndipo munthu amataya injini yabwinobwino chifukwa palibe amene anayeza. Vuto la injini limapezeka poyeza, kuyambira pa zotchipa kupita pa zodula. Ndipo pa galimoto iyi, kuyezako kusachedwe.

Tiyambe tasuzumira mkati. Injini ya Corolla kapena ya minibasi ili ndi mapisitoni okwera ndi kutsika, mavavu, ndiponso lamba kapena tcheni cha taimingi. Mu RX-8 mulibe zonsezo. Muli zitsulo ziwiri za ngodya zitatu, zotchedwa marota, ndipo chilichonse chimazungulira m'chipinda chakechake chooneka ngati chikoko cha mtedza wa njere ziwiri. Nzeru imeneyi inachokera kwa katswiri wa ku Germany, Felix Wankel, koma amene anaikakamira zaka zambiri ndi a Mazda, mpaka anapambana nayo mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans m'dziko la France mu 1991. Rota ikamazungulira, mbali zake zitatu zimapanga timipata titatu tomwe timakula ndi kuchepa. Apa pakulowa mpweya ndi petulo, apo zikupanikizidwa n'kuyaka, uko utsi ukutuluka, zonsezi nthawi imodzi. Pa ngodya iliyonse pali kachitsulo kopyapyala kotchedwa apex seal, kamene kamakhula khoma n'kumatseka kuti mpweya wopanikizidwa usathawire m'kampata kena. Dzina limeneli mulisunge, tibwererako.

Papepala injiniyi ndi ya 1,308 cc basi, koma mtundu wake wamphamvu umazungulira mpaka maulendo 9,000 pa mphindi imodzi. Rota iliyonse ili ndi mapulagi awiri, onse pamodzi anayi, ndipo pulagi iliyonse ili ndi koyilo yakeyake. Tsono tamverani apa. Pa injini ya mapisitoni, pulagi imathetheka kamodzi shafiti ikazungulira kawiri. Pa injini iyi imathetheka pa kuzungulira kulikonse. Ntchito yowirikiza, pamalo otentha kwambiri. N'chifukwa chake makoyilo ndi mapulagi a RX-8 amatopa msanga kuposa a galimoto zimene tinazolowera.

Musanagwire sipanala, funsani mafunso. Ikunjenjemera liti? Mmawa ikangolira, kapena ikatentha? Ili chiimire, kapena mukaponda moto pokwera chitunda? Zinayamba tsiku limodzi mwadzidzidzi, kapena zakhala zikukula kwa miyezi? Zisanayambe munachita chiyani: munathira petulo wa m'chigubu, munatsukitsa injini ndi madzi, kapena galimoto inangokhala osayenda? Makaniko wosafunsa mafunso otere wayamba kale kulosera. Ndipo yang'anani muvi wosonyeza kuzungulira kwa injini. Ngati chiwongolero ndi ndodo ya giya zikugwedezeka galimoto ili chiimire, koma muvi uli zii pamalo amodzi, mphamvu ilipo yonse pamsewu, nyale ya check engine siinayake, kayang'aneni mphira zimene injini imakhalirapo, zija timati mamaunting'i. Pa RX-8 zimafwafwanthika zikakalamba, ndipo injini yopanda chilema imagwedeza galimoto yonse.

Kenako ikani pa kompyuta. Nambala ya P0301 ikutanthauza kuti moto ukuphonya pa rota yakutsogolo, P0302 pa yakumbuyo, P0300 kuti ukuphonya mosasankha mbali. P0171 ikunena kuti mpweya wachuluka kuposa petulo. P0420 ikuloza ku catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi chimene chili pa ekizozi. Koma kompyuta imangokuuzani dera limene kuli vuto, siikuuzani choti mugule. Ndiye wina akangowerenga nambala n'kukutumani kusitolo pomwepo, muuzeni mwaulemu kuti ayambe wayeza. Chinanso, nyale ya check engine ikamaphethira m'malo mongoyaka, imani. Musanene kuti ndikafike kaye ku Ntcheu. Chifukwa chake ndifotokoza posachedwa.

(Kanyimbo kakafupi)

Tabwereranso, ndipo tsopano tili pa moto, kumene mavuto ambiri a galimotoyi amayambira. Mapulagi ali kumanzere kwa injini mukakhala pampando n'kuyang'ana kutsogolo, ndipo njira yapafupi yowafikira ndi kuchotsa tayala lakutsogolo la mbali imeneyo. Pa khoma la injini pali zilembo. T ndi ya pulagi yapamwamba, L ndi ya yapansi. Yapansiyo ndi imene imayatsa moto waukulu, yapamwamba imathandizira kumaliza. Mapulagi awiriwa si ofanana. A NGK amene anapangira injiniyi ndi RE7C-L pansi ndi RE9B-T pamwamba. Musawasinthanitse, ndipo musaikemo a galimoto ina ngakhale atalowa bwinobwino, chifukwa kutalika kwake n'kosiyana ndipo akhoza kuwononga mkati. Nthambo nazonso muziike chizindikiro musanazizule, kuti iliyonse ibwerere pamalo pake.

Mwamasula pulagi, mwaigwira m'manja. Ipendeni pa kuwala. Ngati kumutu kwake n'kouma, kotuwirako kapena kofiirira pang'ono, ikuyaka bwino. Ngati kuli mwaye wakuda wouma umene ukukanirira ku chala, moto ndi wofooka kapena petulo akuchuluka. Ngati yanyowa, ikununkha petulo, ndiye kuti siikuyaka n'komwe. Yalani onse anayi pansalu monga mmene anakhalira pa injini. Awiri a rota imodzi akakhala oyera pamene awiri enawo ali bii, mwadziwa kale mbali yoti muyang'ane. Tsopano masulani makoyilo ndi kuwatembenuza. Koyilo yotopa nthawi zambiri imakhala ndi kadontho koyera kunsi kwake, pamene yakhala ikupsa. Koma maso okha sakwanira. Yezani kuthetheka kwake ndi kachipangizo koyezera moto, osati kugwira nthambo ndi dzanja. Ngati kachipangizoko kalibe, pali njira yaulere: sinthanitsani makoyilo a rota yakutsogolo ndi a yakumbuyo, fufutani manambala pa kompyuta, lizani galimoto. Nambala ikasamuka kuchoka pa P0301 kupita pa P0302, vuto latsatira koyilo, ndipo injini yanu ilibe mlandu.

Eni ake ambiri a galimotozi amasintha makoyilo, nthambo ndi mapulagi zonse pamodzi pakatha makilomita pafupifupi 50,000. Ine ndimagwirizana nawo. Koyilo imodzi ikafa, zinzake zitatu zayenda ulendo womwewo. Ndipo chenjerani ndi makoyilo otchipa kwambiri opanda dzina, chifukwa amakubwezerani vuto lomwelo pakapita kanthawi kochepa, inu n'kumaganiza kuti mbali imeneyo munathana nayo.

Ndinalonjeza kufotokoza chifukwa chimene muyenera kuimira nyale ikamaphethira. Moto ukaphonya, petulo wosapsa amatuluka ndi utsi n'kukayakira mu catalytic converter. Chipangizocho chimatentha mopitirira muyeso, mkati mwake mumasungunuka n'kutseka njira ya utsi. Galimoto imayamba kulephera kukoka mukaponda moto kwambiri, ndipo usiku mukasuzumira pansi nthawi zina mumaona ekizozi ili psuu. Kutentha kumeneko kumabwerera mu injini. Nthawi yomweyo petulo wosapsa uja akutsuka oyilo pa khoma limene ma apex seal amakhulapo, ndipo mwaye ukuunjikana mkati. Umu ndi mmene koyilo imodzi imaphera injini yonse. Ambiri amene amati RX-8 ndi galimoto yosalimba anayenda nayo miyezi ikuchita misi.

Moto ukakhala bwino, tipite ku mpweya. Pa paipi yochokera ku fyuluta ya mpweya pali sensa yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa, amaitcha MAF. Mkati mwake muli kawaya kopyapyala, ndipo fumbi lathu la mu Seputembala ndi Okutobala likakamatira, kompyuta ya galimoto imalandira uthenga wabodza n'kumapereka petulo wosayenera. Itsukeni ndi mankhwala ake opopera, osaikhudza ndi chala kapena nsalu, ndipo iume musanaibwezere. Fyuluta ikhale yabwino. Mvetseraninso ngati pali paipi yong'ambika imene ikuyamwa mpweya pambali, makamaka ngati kompyuta yaonetsa P0171. Kutsogolo kwa injini, pafupi ndi pule yaikulu, pali sensa ina youza kompyuta pamene shafiti yafika. Ili ndi maginito, choncho imatola tizitsulo ndi litsiro. Kuipukuta kokha nthawi zina kumathetsa kunjenjemera.

Za petulo ndinene mwachidule. Kuno ku Malawi petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi, choncho petulo amene wagona m'thanki miyezi yambiri sakhalanso wabwino. Wa m'zigubu, amene timathamangira mafuta akasowa, sitidziwa kuti muli madzi angati kapena chiyani china. Ngati vuto linayamba mutangothira, tsitsani pang'ono m'botolo loonekera mkati, mulisiye likhazikike, muone ngati pansi pakhala madzi. Pampu yofooka nayo imaonekera galimoto ikatentha ndiponso mukaponda moto kwambiri, ndipo mphamvu yake imayezedwa ndi geji.

Pali khalidwe lina la injiniyi limene limaopsa anthu pachabe. Mukailiza ili yozizira, n'kuisuntha pang'ono, n'kuizimitsa isanatenthe, petulo amatsalira mkati n'kunyowetsa mapulagi. Mukadzati muilizenso, sitata imangozungulira mopepuka, injini osagwira, kapena imagwira monjenjemera ndi utsi wambiri. Taganizani za ulendo wa galimoto yochokera ku Japan: kuilizira kukwera sitima, kuizimitsa, kuilizira kutsika pa doko la Dar es Salaam, kuizimitsa, kuisuntha pa yadi, kuizimitsanso. Isanafike n'komwe pa chipata cha Songwe mapulagi ake aona zambiri. Mankhwala ake ndi awa. Pondani moto mpaka pansi, musasiye, ndipo zungulitsani sitata kwa masekondi osapitirira 10. Phazi likakhala pansi chotero kompyuta imadula petulo, ndipo injini imapemerera kunja amene anatsalira. Pumitsani sitata, bwerezani, kenako chotsani phazi mulize monga mwa masiku onse. Batire likhale lamphamvu, chifukwa injini iyi imafuna kuzunguliridwa mwachangu kuti igwire. Ikakanabe, masulani mapulagi muwaumitse. Ndipo kuyambira lero, mukailiza muziisiya itenthe musanaizimitse. Auzeninso ana otsuka galimoto pakhomo.

(Kanyimbo kakafupi)

Tafika pa muyeso umene umagamula mlandu, kompuresheni. Apa ndiye pamene ma apex seal aja akubwerera. Akadyeka, kapena akamatidwa ndi mwaye, mpweya wopanikizidwa umathawa. Chizindikiro chake chodziwika n'chosemphana ndi zimene ambiri amayembekezera. Mmawa galimoto imalira msanga, koma mukayenda, n'kuima pa sitolo mphindi zochepa, imavuta kulira. Ikatentha imanjenjemera ili chiimire, mwina kuzima pa maloboti. Mukaona zotere pamene moto, mpweya ndi petulo zili bwino, yezetsani kompuresheni.

Koma geji wamba ya amakaniko imanama pa injini iyi. Ili ndi kavavu kosunga nambala yaikulu yokha, pamene rota iliyonse ili ndi mbali zitatu. Mbali ziwiri zikhoza kukhala zakufa, imodzi yamoyo, geji n'kukuonetsani nambala yokongola. Makina oyenera amapereka manambala atatu pa rota iliyonse, onse pamodzi asanu ndi limodzi, komanso liwiro limene sitata ikuzungulira. Ngati makinawo palibe, chotsani kavavu kaja, dulani petulo ndi moto, injini ili yotentha, phazi pansi, wina azungulitse sitata inu maso pa muvi. Muvi uzidumpha mofanana: pha, pha, pha, pha, pha, pha. Ukamadumpha kamodzi mwamphamvu kenako kawiri mofooka, apex seal imodzi yawonongeka, pakuti kachitsulo kamodzi kamatsekera timipata tiwiri. Jambulani muviwo pa foni kuti muuonenso modekha.

Manambala a Mazda ndi awa. Sitata ikamazungulira maulendo 250 pa mphindi, injini yabwino imapereka 830 kPa, ndipo malire otsikitsitsa ndi 680 kPa. Mbali zitatu za rota imodzi zisasiyane kupitirira 150, ndipo marota awiriwo asasiyane kupitirira 100. Apa pali mfundo imene ikutikhudza ife kwambiri, ndipo ndikupempha amakaniko anzanga mutchere khutu. Manambala amenewa ndi a malo otsika, ofanana ndi nyanja yamchere. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, kumene mpweya ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 12 pa 100 alionse. Injini imene ingaonetse 680 ku Dar es Salaam idzaonetsa pafupifupi 600 ku Lilongwe, ilibe chosintha chilichonse. Ku Nsanje idzaonetsa yokwera, ku Dedza yotsika kuposa ya ku Lilongwe. Sitata yofooka kapena batire lotopa zimatsitsanso nambala. Ndiye musaweruze injini ya munthu musanawerengere kukwera kwa malo ndi liwiro la sitata. Pamenepa pagona ndalama zambiri za mwini galimoto.

Pali zinthu ziwiri zokhudza utsi zimene zimasokoneza anthu. Injini iyi inapangidwa kuti izidya oyilo. Ili ndi kapampu kamene kamadonthezera oyilo mkati kuti ma apex seal asakhule pouma, choncho oyilo akamatsika pang'onopang'ono si matenda. Muzimuyang'ana pafupipafupi, ine ndingati ulendo wachiwiri uliwonse wothira petulo, chifukwa akatha ndiye kuti injini yapita. Koma utsi woyera wonunkhira motsekemera mmawa, injini ikunjenjemera kwa kanthawi kenako n'kukhazikika, madzi akuchepa mu redieta popanda podontha, thovu likutuluka m'kabotolo ka madzi, zimenezo ndi zina. Ndiye kuti mphira zotseka madzi pakati pa zigawo za injini zaboola, kawirikawiri chifukwa inatenthapo mopitirira muyeso. Vuto limenelo silitha ndi mankhwala othira mu redieta. Injini iyenera kuphwasulidwa.

Kwa inu amene simunagule koma mtima uli pomwepo, ngati galimotoyo ili kuno, pemphani kuti muiyendetse mpaka itenthe bwinobwino. Izimitseni, dikirani mphindi zochepa, muilizenso. Ikagwira nthawi yomweyo, ndi chizindikiro chabwino. Ikazengereza, kapena wogulitsa akakana kuti muizimitse, funsani kompuresheni musanatulutse khobidi. Ngati mukuitanitsa kunja, ikanipo pambali ndalama ya makoyilo, nthambo, mapulagi ndi batire, muzisinthe ikangofika.

Nanga manambala akatsikadi, mutawerengera zonse zija? Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuphwasula injini n'kusintha ma seal, ndi zigawo zina ngati zakalika. Imeneyi ndi ntchito ya munthu amene anatsekulapo injini ya mtundu umenewu, ndipo zipangizo zake mudzachita kuitanitsa kunja, choncho funsani mtengo wonse ntchito isanayambe. Yachiwiri ndi kugula injini ya kaunjika. Kumbukirani kuti RX-8 yomaliza inatuluka mu 2012, ndiye injini iliyonse yotere yakalamba ngati yanu yomwe. Wogulitsa akupatseni manambala asanu ndi limodzi aja olembedwa, pamodzi ndi liwiro la sitata, ndipo mugwirizane kuti ikaikidwa muyezanso musanamalize kulipira. Mukaika injini ina, makoyilo akale asabwererepo, ndipo catalytic converter iyang'anidwe mkati ngati siinatsekeke.

Nthawi yatithera, omvera. Sabata yamawa tidzakamba za galimoto yotentha mopitirira muyeso, kuyambira pa chivindikiro cha redieta mpaka pa pampu ya madzi.

(Nyimbo yotsekera)